Ngozi ya Virgil Tackett

"Lemba kuti ngozi," anatero Dwight. "Chikuvuta n'chiyani pamenepo?"

Mlongo wake Rhonda anali atagwira cholembera kwa nthawi yaitali. Mizere ina yonse ya pepala la anthu okonza maliro anali atadzaza: Virgil Tackett, wa zaka 68, wowotcherera zitsulo wa kuno ku Harlow Gap, wasiya mkazi, ana awiri ndi zidzukulu zitatu. Panatsala mzere umodzi, wonena mmene anafera, woti ukatuluke m'nyuzipepala ya Lachinayi.

"Adadi anayamba kutsuka mfuti ali ndi zaka zisanu ndi zinayi," anatero Rhonda. "Iwe ndi ine anatiphunzitsa okha. Choyamba umatani?"

"Usayambe."

"Umachotsa zipolopolo, n'kuyang'ana kawiri. Ndani m'boma lino angakhulupirire kuti iwowo anaiwala?"

"Akhulupirira tikanena ifeyo."

Mayi wawo, Nadine, anali pasinki akutsuka mbale yotsuka kale. Patebulo ndi pamwamba pa filiji panadzaza zakudya zomwe anansi anabweretsa, nkhuku yokazinga, nyemba zophikira nyama ya nkhumba, buledi wa chimanga, koma palibe anali atalawako.

"Inali ngozi," anatero Nadine osacheuka. "Dzanja lawo lija silinkagwira bwino. Lemba, Rhonda."

Rhonda analemba.

M'mapiri athu ano a Kentucky panalibe munthu wosamudziwa Virgil. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri ndiye ankayendetsa ntchito za Mgwirizano wa Eni Mfuti a m'Chigwa. Bungwelo linalibe ofesi. Ofesi yake inali galaja ya Virgil ndi mabokosi a nsapato odzaza makadi, khadi lililonse lili ndi dzina la munthu, nambala ya foni, tchalitchi chomwe amapemphera, komanso ngati ali ndi galimoto. Phungu akayamba kulankhula zokhudza mfuti za anthu, foni ya ku ofesi kwake inkalira kuyambira m'mawa mpaka alembi ake kuizula.

Zaka zitatu m'mbuyomo kulikulu kunabwera bilu yoti achibale akaona kuti munthu akufuna kudzivulaza, azitha kupita kukhoti, woweruza n'kulamula apolisi kuti amusungire mfuti zake kwa kanthawi. Virgil anakana. Ankati kuyang'anira munthu amene wasweka mtima ndi ntchito ya anansi, si ya boma. Anadzaza mabasi asanu ndi anayi ndi anthu ovala malaya a mtundu wa olenji, omwe osaka nyama amavala, ndipo iye mwini analankhula pamaso pa aphungu mphindi zitatu, opanda pepala. Biluyo inafera m'komiti. Phungu wathu, amene ankaichirikiza, anagwa pachisankho chotsatira, ndipo lero amagulitsa inshuwalansi. Sabata ya biluyo Rhonda anaimba mafoni oposa mazana awiri ali patebulo lomweli, makadi a bambo ake ali pamwendo, ndipo ankanyadira kuti palibe anamukanira.

Kenako mu Novembala wapitayu Virgil anachita sitiroko. Dzanja lamanja linafa, chiphaso choyendetsera galimoto anamulanda, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi, ena osamveka. Lolemba la sabata ino, Nadine atabwerako kogula mankhwala, anamupeza m'galaja atafa, mfuti ili pambali pake.

Rhonda asanamalize kupinda pepala lija, pikapu ya Orville Pruitt inaima panja. Orville anali wapampando wa bungwelo komanso mnzake wa Virgil kuyambira kusukulu, ndipo anawo ankamutcha ankolo ngakhale panalibe ubale. Analowera khomo la kukhitchini monga mwa masiku onse, atanyamula katoni, chipewa atachipana m'khwapa.

"Nadine, ine mawu ndilibe."

"Khalani pansi, Orville. Khofi alipo."

M'katonimo munali malaya a olenji atsopano. Orville anati anyamata akufuna kuwavala kumaliro, ngati banja lingalole. Anthu anali ataimba foni kuchokera m'maboma asanu ndi limodzi, moti iye anali atakambirana kale ndi abusa zoika mipando ina panja.

"Adadi akanakondwa nazo," anatero Dwight.

"Palinso china." Orville anazunguliza kapu yake patebulo. "Bilu ija yabweranso. Ndi yomwe ija, angoisintha nambala. Aikambirana Lachiwiri likubwerali. Tikufuna wina wa m'banja akaime pamene ankaima Virgil. Dwight, kapena iweyo Rhonda. Iwe ndiye unatengera pakamwa pa bambo ako."

"Ndikanene chiyani, ankolo?" anafunsa Rhonda.

"Zomwe ankanena bambo ako."

"Nanga akandifunsa kuti anamwalira bwanji?"

"Sangafunse, mwana wanga. Ngakhale a mbali inayo ulemu ali nawo." Anamwa khofi pang'ono. "Ndiponso inali ngozi. Si choncho?"

Ananena akuyang'ana m'kapu. Sanadikire yankho. Anadzuka, anagwira Nadine paphewa, n'kutuluka.

Pikapu itachoka, Rhonda anati, "Ine ndinapita kupolisi. Patha masabata awiri."

Dwight anasiya malaya omwe ankawatambasula. "Kukatani?"

"Kukapempha kuti abwere adzatenge mfuti za Adadi."

Anafotokoza mwachangu, maso ali patebulo. Bambo awo anali atayamba kugawa zinthu. Tsiku lina anamufunsa ngati akudziwa pamene pali mapepala a nyumba, ndipo atavutika kwa kanthawi anatulutsa mawu oti mayi awo asavutike kuwasamalira mpaka chaka china. Rhonda anapita kupolisi pa nthawi yopuma masana, n'kukapeza Curtis, wapolisi amene anaphunzira naye limodzi. Curtis anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anati palibe chomwe angachite, chifukwa munthuyo sanaphwanye lamulo ndipo sanaopseze aliyense.

"Ndiye anati, 'Pakanakhala lamulo lija,' n'kusiyira pomwepo. Kenako anati, 'Unandiimbira foni ndiwe chaka chija, Rhonda, kuti ndikwere basi. Ndinakwera.'"

"Ndiye kuti unakawanenera Adadi kupolisi," anatero Dwight. "Mwana wa Virgil Tackett, kukapempha boma kuti lilande mfuti za bambo ake. Anthu akamva atiti chiyani?"

"Iweyo unachitapo chiyani?"

"Ine sindinkadziwa kanthu."

"Anakupatsa makina awo owotcherera, omwe sankalola munthu kuwagwira. Iwe n'kukweza m'galimoto, n'kuthokoza. Unkayesa akupita kutchuthi?"

Dwight anakankhira katoni ya malaya kumbali. Makutu ake anafiira.

"Anthu anamva kale," anatero Nadine. Anali atatseka mpopi, manja akudontha madzi. "Mkazi wa Curtis anauza mkulu wake, mkulu wakeyo n'kuuza wometa tsitsi. Bambo anu anakamvera kometetsa Loweruka."

Rhonda anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Anati chiyani, Amama?"

"Anakhala pampando pamene wakhalapo iwe, nthawi yaitali, akufunafuna mawu. Ine ndinkayesa akalipa. Kenako anati, 'Mwana uja wandiona.' Basi."

"Inu munawayankha chiyani?"

Nadine anapukuta manja pa epuloni, chala chimodzichimodzi. "Ndinawafunsa ngati akufuna mazira awiri kapena limodzi."

Maliro anachitika Lachisanu. Tchalitchi chinadzaza malaya a olenji mpaka panja pa udzu, amuna ena atawavala pamwamba pa masuti. Orville analankhula za mabasi asanu ndi anayi aja, za phungu uja anagwa, ndi za mmene Virgil ankakumbukirira mayina a ana a munthu aliyense amene anali pamakadi ake. Mawu oti ngozi anawanena katatu, ndipo nthawi iliyonse anthu ankagwedeza mitu akuyang'ana nsapato zawo. Anali amuna oti aliyense anaphunzitsa ana ake kuchotsa zipolopolo n'kuyang'ana kawiri. Kumanda ankabwera pamzere kudzagwira banja chanza, aliyense n'kunena kuti ngozi zimachitika. Rhonda anaona kuti boma lonse lagwirizana chimodzi, monga linkachitira pokwera mabasi, koma ulendo uno popanda wowaimbira foni. Nayenso anayankha aliyense kuti inde, zimachitika, zikomo pobwera.

Loweruka m'mawa Nadine anaika kiyi patebulo, pakati pa ana ake awiri.

"Mfutizo zichoke," anatero. "Zonse. Sindikufuna kudziwa komwe mupite nazo."

Kabati yachitsulo inali kumapeto kwa galaja, kuseri kwa mashelefu a mabokosi a nsapato. Chikulire chawo, anawo sanaionepo ili yotsegula. Dwight ankadziwa kuti bambo ake anali ndi mfuti zisanu ndi imodzi, ndipo imodzi, ya tsiku lija, inali kupolisi. Atatsegula anapezamo khumi ndi zisanu ndi imodzi.

"Izi zinazi n'zandani?" anafunsa Dwight.

Zachilendozo zinali khumi ndi imodzi, ndipo iliyonse inali ndi kapepala kolimba komangidwa ndi ulusi. Rhonda anagwira kamodzi n'kuwerenga mokweza. Kalembedwe kanali ka bambo awo, ka zilembo zikuluzikulu koongoka.

"Gene Sizemore. Anabweretsa yekha ntchito itatha kumgodi. Asatenge asanapeze ina."

Dwight anatembenuza kena. "Mwana wa Faye Combs. Wabwera kuchokera kunkhondo, sakugona. Funsani kaye mayi ake."

"Tamva aka," anatero Rhonda. "Wade Hensley. Ndinachita kukatenga ndekha. Anandituka. Sanandikhululukirebe."

Pansi pa kabatiyo panali chitini cha khofi chodzaza timapepala takale todulidwa ulusi, kalikonse kali ndi tsiku lomwe mfuti inabwera ndi lomwe inabwerera kwa mwini wake. Dwight anakhuthulira patebulo la zipangizo. Tinalipo toposa makumi anayi, tina ta zaka zomwe iwo anali kusukulu. Anali mayina a anthu omwe anawagwira chanza dzulo lake kumanda.

Nadine anali ataima pakhomo la galaja, osaponda mkati.

"Inu munkadziwa, Amama?" anafunsa Dwight.

"Nthawi zina foni inkalira, iwo n'kutuluka, n'kubwera ndi chinthu chokulunga m'bulangete. Ankati akukonzera anthu. Ine sindinkafunsa."

Dwight anali akusanthula timapepalato ndi chala. Anatola kamodzi, anakawerenga, n'kukaika m'thumba la shati.

Orville anabwera masana a tsiku lomwelo kudzatenga mabokosi a makadi, chifukwa mafoni a Lachiwiri ankayenera kuyambika. Anapeza kabati ili yotsegula, ndipo anaima pamene anali. Dwight sanamupatse moni. Anangotulutsa kapepala kaja n'kumupatsira m'manja.

Orville anavala magalasi, ngakhale zikuoneka kuti ankadziwa kale zomwe zinalembedwapo. Panali dzina lake, chaka chomwe mkazi wake Jean anamwalira, ndi mawu oti miyezi khumi ndi inayi, ndabweza.

"Anabwera kunyumba patatha sabata titaika Jean," anatero Orville. "Sanandifunse. Analowa kuchipinda, anatenga zonse zitatu, n'kundiuza kuti ndikafuna kumumenya ndimumenye atamaliza kukweza m'galimoto. Tsiku lililonse ankadutsa kudzandiona ngati ndadya."

"Ndiye kuti munkadziwa mmene munthu amaonekera akafika pamenepo," anatero Dwight.

"Ndinkadziwa."

"Munawaona Adadi pa Khirisimasi. Munawaona kometetsa."

"Ndinafika pageti panupa kawiri, Dwight. Kachiwiri ndinazimitsa ndi injini yomwe." Orville anavula magalasi. "Koma umamuuza bwanji Virgil Tackett kuti akupatse mfuti zake? Ndinkati akandiyang'ana ndi nkhope yopendama ija, n'kulephera kunditukwana, ndiye kuti ndamulanda chomaliza chomwe anali nacho. Ndinaliza galimoto n'kubwerera."

Panja galu wa anansi ankauwa.

"Ine sindikwera basi Lachiwiri," anatero Dwight.

"Ndamva. Koma usaganize kuti bambo ako akanasintha. Lamulo limenelo sakanalifuna ngakhale lero."

"Tikudziwa, ankolo," anatero Rhonda. "Ankati ndi ntchito ya anansi."

"Eya."

"Anansiwo tinali ifeyo. Anayi, pageti limodzi."

Orville anayang'ana mabokosi a nsapato aja, n'kuyang'ana Nadine, ngati wopempha chilolezo.

"Tengani," anatero Nadine. "Ndi anu."

Anawanyamula awiriawiri kupita nawo kupikapu, maulendo asanu, popanda womuthandiza.

Lachiwiri kunanyamuka mabasi khumi ndi limodzi, ochuluka kuposa chaka china chilichonse, chithunzi cha Virgil chili pagalasi la basi iliyonse. Orville ndiye analankhula mphindi zitatu zija. Biluyo inafa nthawi ya chakudya chamasana isanakwane. Dwight tsiku limenelo anapita kuntchito monga mwa masiku onse, ndipo anzake sanamufunse kanthu.

Masana omwewo mayi wina wa bungwe lomwe linkafuna lamulolo anaimbira foni Rhonda. Analankhula mwaulemu. Anati wamva mphekesera zoti sinali ngozi, ndipo ngati n'zoona, mawu a mwana wa Virgil Tackett angachite zomwe iwo alephera kwa zaka zambiri. Rhonda anamvetsera mpaka mayiyo anamaliza. Ankaona mayi ake pawindo akuyanika malaya a bambo ake omwe anawachapa popanda chifukwa.

"Inali ngozi, mayi," anatero Rhonda, n'kudula foni. Anakhala pomwepo ataigwira.

Mfuti zisanu za Virgil anatenga Dwight. Za eni akezo zinatsala m'kabati, chifukwa palibe ankadziwa chochita nazo, ndipo Nadine sanabwerezenso zoti zichoke. Kiyi anasunga Rhonda.

Lachitatu chakumasana kunabwera munthu wamtali wowonda, wa ndevu za masiku angapo, atavala jekete yosakira nyama. Anagogoda khomo la kutsogolo, lomwe anthu odziwa nyumbayi sankagwiritsa ntchito. Anati dzina lake ndi Lonnie Maddox, amakhala kumtunda kwa mtsinje. Mkazi wake anachoka ndi ana chilimwe chathachi, ndipo a Virgil anamusungira mfuti yake.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Kumaliro ndinaliko, ndinaima kumbuyo. Ndinati ndisakusiyireni katundu wa eni ake pa nthawi ngati ino. Ine panopa ndili bwino. Ndili bwinobwino."

"Dikirani pang'ono," anatero Rhonda.

Anapita kugalaja, anatsegula kabati, n'kupeza dzinalo pa mfuti yachitatu. Kutsogolo kwa kapepalako kunali dzina ndi tsiku basi. Akumasula ulusi, kapepalako kanatembenuka, ndipo anaona kuti kuseri kwake kunalembedwanso. Zilembo zake zinali zokhotakhota, zina zogwera pa zinzake, zolembedwa ndi dzanja lamanzere. Pamwamba panali tsiku, Lamlungu, kutatsala tsiku limodzi kuti amwalire. Anatembenuza timapepala tina tija. Tonse khumi ndi kamodzi tinali tolembedwa kuseri, ndi dzanja lomwelo, tsiku lomwelo.

Ka Lonnie kanati: "Akabwera anena kuti ali bwino. Amatero nthawi zonse. Mukhazikeni pansi adye. Mumufunse za galu wake. Akayamba kumutchula dzina n'kumasimba zopusa zomwe wachita, mupatseni. Akangoti ali bwino, isachoke. Musachite naye manyazi."

Rhonda anawerenga kawiri. Anamanganso ulusi uja, anatseka kabati, n'kuika kiyi m'thumba la siketi.

Lonnie anali akadali pakhonde, chipewa chili m'manja. Anayang'ana manja a Rhonda, omwe analibe kanthu.

"Lowani kaye mudye," anatero Rhonda. "Chakudya chatichulukira, chingowonongeka."

"Ayi mayi, ndadya kale."

"Lowani, a Lonnie. Amama akhumudwa mukakana."

Analowa, anapukuta nsapato nthawi yaitali, n'kukhala m'mphepete mwa mpando. Nadine anatenthetsa nkhuku ndi nyemba osafunsa kuti mlendoyo ndani. Rhonda anamuthirira khofi, anadikira kuti alume kawiri katatu, kenako anafunsa ngati wongocheza.

"Galu uja ali bwanji?"

Lonnie anatafuna, anameza, maso ali m'mbale.

"Ali bwino," anatero.

Rhonda anadikira, koma palibe chinanso chinabwera. Anadula buledi wina wa chimanga n'kumuikira m'mbale, anakoka mpando wa pafupi naye, n'kukhala pansi.